Bokosi la mabuku padoko: lipoti la ntchito ya laibulale pakati pa asodzi ku Mangochi

Lipotili ndalembera anzanga a m'malaibulale, aphunzitsi ndi a makomiti a chitukuko amene akuganiza zotsegula malo owerengera kumudzi. Likufotokoza ntchito imene tinayambitsa padoko lina la m'mbali mwa nyanja ya Malawi, ukapatuka pamsewu wa ku Monkey Bay, ndi mmene nkhani ya malo owerengera inalowera pa mndandanda wa chitukuko cha deralo. Dzina la mudzi ndi mayina a anthu ndawasiya dala.

Mmene zinayambira

National Library Service inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967 kuti mabuku azifika kwa Amalawi onse, ndipo kupatula nthambi zake imabwereketsanso mabuku ku sukulu ndi kumalo ena owerengera. Koma boma la Mangochi ndi lalikulu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni, omwazikana kuyambira ku Makanjira mpaka kumapiri a Namwera ndi kwa Nankumba. Laibulale ikakhala pa boma, obweramo timawadziwa: ana a Folomu 4 okonzekera mayeso a MSCE, ophunzira a m'makoleji, ndi abambo odzaona masamba a ntchito m'nyuzipepala. Mayi wogulitsa usipa sangalipire kabaza ndi minibasi kuti adzawerenge, pamene ndalama yomweyo ndi ndiwo za banja lonse.

Amene anatikokera kudoko ndi wapampando wa komiti ya padoko, imene aliyense amangoti BVC. Makomiti amenewa anayambira ku nyanja ya Malombe mu 1993, chambo chitayamba kusowa, kenako anafalikira m'madoko a nyanja yaikulu. Bamboyu anabwera kudzafuna malamulo a usodzi chifukwa kwawo kunabuka mkangano pa kukula kwa maso a ukonde, wina akuti lamulo likuti chakuti, wina akuti ayi. Tinawapezera lamulo la 1997 losamalira nsomba, koma linali m'Chingerezi, cha maloya chomwe. Anatembenuza masamba angapo n'kundibwezera.

"Achimwene, izi ndikawerengera ndani kudoko? Bwerani nokha mudzatiuze."

Tinapita, tinamasulira zigawo zimene ankakangana mothandizana ndi mlangizi wa za usodzi wa deralo, ndipo pamsonkhano womwewo amayi ena anafunsa ngati kulaibulale kuli mabuku a ana. Ganizo la bokosi linabadwira pamenepo.

Bokosi likhale kuti?

Funso limeneli linatidyera nthawi kuposa kupeza mabuku, ndipo ndikulangiza aliyense kuti asalithamangire. Aphunzitsi anati bokosi likhale kusukulu. Koma sukulu imatsekedwa masana, ndipo munthu wamkulu amene anasiyira Sitandade 3 salowa pabwalo la sukulu mwachisawawa, amaopa kuti ana ake omwe amuona akugwira buku chadodolido. Kumzikiti kapena kutchalitchi kunali malo abwino otetezeka, koma mudziwu uli ndi Asilamu ambiri ndi Akhristu ndithu, ndipo bokosi likanalowa kumodzi, enawo akanati ndi la eni ake. A mfumu anapereka khonde lawo. Tinathokoza mwaulemu, koma wina anandinong'oneza kuti amene ali ndi mlandu wa malo kubwalo sadzaponda pakhomopo.

Tinagwirizana za shedi ya BVC, ya udzu, pafupi ndi matandala oyanikapo usipa. Aliyense amadutsa pamenepo ndipo palibe amene angafunsidwe kuti ukufunanji.

Bokosilo linali lachitsulo, ngati lija amanyamula ana a sukulu zogonera komweko. Tinalikhazika pa njerwa, pansi pake tinathira phulusa poopa chiswe. Adani a mabuku kunyanja ndi chinyezi, mphemvu ndi manja a mamba a nsomba, choncho pambali pake panali ndowa ya madzi ndi sopo, ndipo lamulo loyamba linali kusamba m'manja. Matenda a kolera atavuta m'boma lino mu 2022 ndi 2023, ndowa ija inapeza ntchito yachiwiri, ndipo mapepala a uthenga wa zaumoyo tinkawamata pachivundikiro cha bokosi. Makiyi anali awiri: wina kwa mayi wosunga buku la banki m'khonde, wina kwa mnyamata amene analemba MSCE koma anali asanapeze chochita.

Nthawi yotsegulira

Kulaibulale ya pa boma timayendera wotchi. Kudoko anthu amayendera mwezi ndi mphepo. Usipa amaupha usiku ndi nyali, siginala, woyatsa nyali zokopera nsomba, ali patsogolo m'bwato, alovi, antchito a mwini ukonde, akukoka ukonde wa chilimira. Mwezi ukakhala mumdima, amuna amagona masana onse ndipo amayi amakhala pamoto kufutsa usipa ndi kuyanika mpaka dzuwa litapendeka. Masiku amenewo bokosi ungatsegule, ubwerako wekha. Mwezi ukawala, kapena mwera ukawomba m'miyezi yozizira mabwato n'kukhala kumtunda, anthu amadzaza shedi, ena akusoka maukonde uku akumvetsera wina akuwerenga nyuzipepala ya sabata yatha.

Ana nawo ali ndi ndondomeko yawo. M'mawa kusukulu, masana ambiri kumadrasa, Lachisanu ndi la Juma, Lamulungu ena ali kutchalitchi. Tinakakhala pansi ndi a Shehe ndi a mwalimu, ndipo iwo ndi amene anatiuza kuti Loweruka m'mawa ndiye popanda chopinga. Mwezi wa Ramadani tinkafupikitsa. Tchuthi chachikulu, nthawi ya zinamwali, anyamata ambiri amakhala kundagala, ndipo palibe chifukwa chodandaulira kuti chiwerengero chatsika. Zonsezi mnyamata wathu anazilemba pa kalendala ya pakhoma, ndi timiyezi tojambula ndi bolopeni.

Zimene akuluakulu ankadzera

Pambali pa buku lobwereketsera tinaika hadikava ina. Aliyense akabwera ndi funso, wosunga kiyi ankalemba tsiku, ngati ndi bambo kapena mayi, chimene wafunsa, ndi ngati wathandizidwa kapena ayi. Dzina ayi. Buku limeneli poyamba linali longotithandiza kudziwa mabuku oti tibweretse ulendo wotsatira, koma ndi limene pambuyo pake linasenza nkhani yonse.

Masamba ake akuonetsa kuti akuluakulu ambiri sankadzera buku. Ankabwera ndi foni. Mayi amamasula mfundo ya chitenje, n'kutulutsa kafoni kokutidwa m'jumbo poopa madzi, n'kunena kuti, "Tandionereni, akuti ndalama yalowa." Mauthenga ambiri a ndalama za pafoni amabwera m'Chingerezi, ndipo akuba amadziwa zimenezi. Amatumiza uthenga wofanana ndi weniweni, kenako n'kuimba kuti pepani mayi, ndatumiza molakwitsa, ndibwezereni. Amayi a geni ya nsomba amalandira ndalama kuchokera kwa ogula a ku Limbe ndi ku Lilongwe, ndipo mabanja ambiri kuno amadalira za abambo amene ali ku Joni. Choncho phunziro limene linagwira mtima linali ili: kuona kumene uthenga wachokera, ngati pamwamba palembedwa dzina la kampani kapena nambala ya munthu wamba, kuyang'ana ndalama yotsala mufoni usanakhulupirire, ndi kusauza munthu aliyense nambala yachinsinsi, ngakhale wa kulaibulale amene. Wosunga kiyi amatembenuka kuyang'ana kunyanja mwini foni akamadina nambalayo. Zikuoneka zazing'ono, koma anthu anaziona, ndipo anakambirana kumjigo.

Ena ankabwera ndi mafomu, kalata yofunsira ntchito kumalo ogona alendo, kabuku ka kuchipatala kuti awauze tsiku lobwereranso, kapena chiphaso cha unzika chimene dzina linalembedwa mosiyana ndi la pa satifiketi. Amayi a banki m'khonde anapempha kuti aphunzire kulemba mpamba, zogula, thiransipoti ndi phindu m'mizere yosiyana, chifukwa ambiri ankawerengera pamtima ndipo ndalama ya nkhuni zofutsira sankaiphatikiza. Amene ankafuna kuyambira pa a, e, i tinkawalumikiza ndi mphunzitsi wa sukulu ya kwacha. Si ntchito ya laibulale kulanda ntchito ya ena.

Apa pali chinthu chimene sitiphunzira kukoleji. Munthu akakupatsa foni kuti umuwerengere, wakupatsa za m'nyumba mwake. Uthenga wa ku Joni nthawi zina si wa ndalama, ndi wa mwamuna amene akunena kuti wapeza wina. Tinagwirizana kuti uthenga wa munthu uziwerengedwa kuseri kwa shedi, motsitsa mawu, ndipo m'hadikava muzingolembedwa kuti "kuwerenga uthenga". Wosunga kiyi akangotulutsa kamodzi nkhani yotere, bokosi latha ntchito m'mudzi monse. Posankha anthu odzipereka, ine ndimayang'ana pakamwa poyamba, satifiketi pambuyo.

Ndinaonanso kuti ena amene timawalemba kuti sadziwa kuwerenga amawerenga bwinobwino zilembo za Chiarabu zimene anaphunzira kumadrasa. Munthu wotere sayambira pansi. Amadziwa kale kuti chilembo chimaimira liwu, ndipo amagwira msanga ukamulemekeza pa zimene akudziwazo.

Ana ndi mabuku awo

Mabuku ambiri a ana amene malaibulale m'dziko muno amalandira ndi mphatso zochokera kunja, monga ku Book Aid International ya ku London. Ndi atsopano, olimba, a zithunzi zokongola, ndipo popanda iwo mashelefu athu akanakhala ochititsa manyazi. Koma ndi a Chingerezi. Mwana wa padoko pano kunyumba amayankhula Chiyao, Chichewa amachidziwira kusewero ndi kusukulu, Chingerezi n'chachitatu. A Chichewa tinali nawo ochepa, a Chiyao ndiye kunalibiretu.

Tinapempha agogo awiri kuti Loweruka azidzakamba nthano. Wina amayamba, "Padangokhala," ana n'kuvomera, "Tili tonse," mnyamata wathu ali pambali kulemba m'kope. Agogo enawo ankakamba m'Chiyao, ndipo mphunzitsi wina wa m'mudzimo anatithandiza kalembedwe. Ana a Sitandade 6 ndi 7 ankakopera nthanozo ndi zilembo zazikulu, ang'onoang'ono n'kujambula kalulu, ng'ona ndi bwato, ife n'kusoka ndi ulusi wa ukonde, chikuto cha katoni. Timabuku timeneti ndi timene tinang'ambika msanga kuposa ena onse, chifukwa sitinkagona m'bokosi. Mwana amafuna kukaonetsa amake tsamba limene wajambula yekha, ndipo amake, amene sakanagwira buku la Chingerezi, amamvetsera nthano imene akuidziwa kale ikutuluka papepala.

Atsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba ankabwera mochedwa, ana kumbuyo, n'kukhala kumapeto. Ambiri sankadziwa kuti kuyambira 1993 ndondomeko ya boma imalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka, kapena kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Tinalemba mfundo ziwirizi m'Chichewa chosavuta ndipo tinkawatumiza kwa amayi a mother group a pasukulu, amene ndiwo amayenda nazo nkhani zotere.

Madzi atalowa m'shedi

Mu 2024 nyanja inakwera kwambiri, madzi analowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ambiri m'mbali mwa nyanja m'boma lino. Shedi yathu inamira mpaka m'mawondo. Bokosi analipulumutsa ndi alovi, analisenza usiku kukalisiya kugolosale ya bambo wina. Apa m'pamene zinaonekeratu kuti pakufunika chipinda chenicheni, kumtunda, ndipo laibulale ilibe ndalama yomangira.

Anzanga ambiri zikafika apa amalemba kalata kwa bwanamkubwa kapena kwa phungu, n'kumadikira. Kalata si yoipa, koma chitukuko cha kumudzi chili ndi njira yake. Chiyambire lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu, zofuna za mudzi zimayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, zimakwera ku komiti ya chitukuko ya kwa mfumu yaikulu, ADC, kenako kukhonsolo, kumene zimalowa m'pulani ya chitukuko cha boma lonse. Thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, CDF, nalonso liyenera kutsata zimene anthu anaika pa mndandanda. Chinthu chimene sichinatchulidwe pansi pa mtengo ku VDC n'chovuta kuchipezera ndalama kumwambako. Ndipo m'midzi yambiri laibulale sitchulidwa, osati chifukwa anthu amadana nayo, koma sanaionepo ikugwira ntchito, ndiye aitchula bwanji?

Pa mndandanda wa mudziwu panali kale mjigo, kalavati ya pamsewu wolowera kudoko, ndi shedi ya sikelo ya ana, chifukwa alangizi a zaumoyo ankayezera ana pansi pa mtengo wa mango. Maganizo anga ndi akuti wa laibulale asayerekeze kuima pamaso pa anthu amene akumwa madzi a m'nyanja n'kumati mabuku ndi ofunika kuposa mjigo. Si zoona, ndipo anthu amadziwa kuti si zoona. Chimene tinachita ndi kukwera pa chimene anthu anasankha kale. Sikelo imachitika kamodzi pamwezi. Masiku ena onsewo shediyo izikhala ya mbuzi? Pempho linakhala lakuti shedi ya sikelo imangidwe ndi kachipinda kokhoma kumbali, ka mashelefu ndi zenera, kuti nyumba imodzi izigwira ntchito ya sikelo, banki m'khonde, sukulu ya kwacha ndi malo owerengera. Mlangizi wa zaumoyo anakondwa, poti naye anapeza posungira sikelo yake.

Ndani ayankhule?

Pokonzekera msonkhano wa VDC, a komiti anati ndiyankhule ndine, poti ndine wa ku boma. A mfumu anakana. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Awa akayankhula, anthu ati akufuna ntchito yawo ikule. Ayankhule eni ake."

Anayankhula ndi mayi wosunga kiyi uja. Sananene za chikhalidwe chowerenga kapena mawu ena a m'mawekishopu. Anatsegula hadikava n'kuyamba kuwerenga mzere ndi mzere: mayi, kuwerenga uthenga wa ndalama, wathandizidwa, bambo, fomu ya pasipoti, wathandizidwa, mtsikana, kubwerera kusukulu, watumizidwa, bambo, mtengo wa chilolezo cha ukonde, sitinapeze. Anawerenga masamba angapo osadumpha ndi "sitinapeze" yemwe. Anthu anayamba kung'ung'udza movomereza, chifukwa ngakhale munalibe mayina, aliyense ankadzimva. Kenako mayi wina anaimirira yekha n'kufotokoza mmene anatsala pang'ono kutumiza mpamba wake wonse kwa wakuba.

Otsutsa analipo. Bambo wina mwini maukonde anati, "Mabuku sadyedwa. Ana athu akufuna injini za boti, osati nthano za kalulu." Wapampando wa BVC anamuyankha kuti mkangano wa maso a ukonde uja unatha ndi pepala lochokera m'bokosi lomwelo. Achinyamata ena anafunsa ngati pakhala alawansi, ndipo atamva kuti palibe, theka linanyamuka. Sindiwaweruza. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuuza mnyamata kuti agwire ntchito yaulere n'kovuta kutuluka pakamwa.

Ku ADC tinawonjezera mfundo imodzi ya malamulo. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga kuchokera ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Koma munthu wa padoko akauona kuti uthengawo? Tinapempha kuti zidziwitso za khonsolo, ndalama za zitukuko za m'deralo ndi masiku otseka nyanja zizimatidwa pamalo owerengerapo. A khansala anaigwira mfundoyi, ndipo wailesi ya m'dera inapatsa amayi aja mphindi zingapo m'pologalamu ya chitukuko. Kumeneko ndinapita nawo, koma ndinangokhala pabenchi panja.

Pamene chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chinkayandikira, munthu wina wofuna mpando anatumiza uthenga kuti agula malata onse, bola khoma lipakidwe mtundu wa chipani chake. Komiti inakambirana mpaka madzulo, chifukwa malata ndi malata. Inayankha kuti mphatso ilandiridwa ngati idzera ku VDC ndipo khoma likhala la laimu. Malatawo sanabwere.

Pamene zafika

Shedi ya sikelo yokhala ndi kachipinda kowerengera inalowa pa mndandanda wa VDC ndipo ADC inaivomereza. Kumanga sikunayambe. A mfumu anapereka malo kumtunda, pafupi ndi mjigo wakale, ndipo tinaonetsetsa kuti zalembedwa ndi kusainidwa pamaso pa mboni, chifukwa malo a m'mbali mwa nyanja masiku ano akugulidwa ngati zitumbuwa. Anthu anafuna kuumba njerwa, koma tinawauza kuti kuyambira 2018 zomanga za boma sizilola njerwa zootcha ndi nkhuni, choncho gawo la mudzi ndi mchenga, miyala ndi madzi. Mulu wa mchenga ulipo, ana akuseweretsa.

Bokosi likadali kugolosale. Mwini wake ndi munthu wabwino, koma amayi ena amene ali ndi ngongole ya sopo ndi mchere pamenepo asiya kubwera, ndipo m'hadikava mizere ya "mayi" yachepa. Mabuku ena anasowa, makamaka a masamu ndi sayansi a sekondale. Sitinaike chindapusa, tinangopempha a mfumu kulengeza pamaliro ndi pamisonkhano, ndipo ena anabwezedwa usiku pakhomo la mayi wosunga kiyi. Mnyamata wathu uja anapita ku Johannesburg, monga amachitira anzake ambiri kuno. Anasiya kiyi ndi kalendala yake ya miyezi, ndipo tsopano tikuphunzitsa amayi awiri a banki m'khonde ndi mtsikana mmodzi amene anabwerera kusukulu, poganiza kuti amayi okhazikika ndi mabanja sachoka msanga.

Mizere ya "sitinapeze" tinaikopera papepala lina. Yambiri ikukhudza zinthu zitatu: malamulo a usodzi m'Chichewa ndi m'Chiyao, kalembedwe ka mgwirizano pakati pa mwini ukonde ndi alovi ake, ndi njira yokonzera dzina lolakwika pa chiphaso. Pepalalo talipereka kwa mlangizi wa za usodzi ndi kwa a khansala, ndipo mayi wosunga kiyi akalifunsanso pamsonkhano wa ADC ukubwerawu, limodzi ndi funso la tsiku limene simenti idzafike.